Waya wa Banjo ndi Njati ya ku Lunsemfwa

Kwa Shikabeta banjo sitigula m'sitolo, timapanga tokha. Thupi lake ndi chitini cha mafuta ophikira kapena poto wakale wobooka. Pamwamba timakutirapo chikopa cha mbuzi chimene chagona m'madzi, n'kuchikhomera ndi timisomali chikadali chofewa kuti pouma chikungike. Khosi timasema ku mlombwa, zikhomo zokungira nsambo timasema ku mtengo uliwonse wolimba, ndipo kokhwatchira timadula ku chigubu chong'ambika. Zonsezi zimapezeka pakhomo. Chosowa ndi waya. Nsambo yolira bwino imachokera ku chingwe cha mabuleki a njinga, chimene timachipombosola kawaya kamodzikamodzi, ndipo yokhuthala ya babatoni, choimbira chachikulu cha besi, imachokera m'mphepete mwa tayala la galimoto. Kuno kumene msewu wa tala wa Great East Road uli kutali, chingwe cha mabuleki n'chuma, ndipo ochifuna si oimba okha. Otchera misampha amachifunanso, pakuti waya umene suduka pansi pa chala sudukanso pakhosi pa gwape.

Ine kwathu ndi ku Katete. Kuno ndinabwera chikamwini, ndipo banjo ndinayamba kuphunzira ndili kale ndi ana. Tilipo gulu la ophunzira, achinyamata ndi akuluakulu, ndipo timakumana Lamulungu masana pansi pa mango pakhomo pa mkulu wina amene tonse timamuitana kuti amalume. Iwo anagwira banjo m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi iziika patsogolo nyimbo za m'dziko muno, nyimbo za kalindula n'kufalikira mpaka kumidzi. Akayamba kusimba za woimba Alick Nkhata, amene anaphedwa mu 1978 asilikali a Rhodesia ataukira kufupi ndi Mkushi, maso awo amadzadza misozi ngakhale sanamuonepo ndi maso.

Amalume ali ndi lamulo limodzi: palibe wokhudza nsambo asananene za kwawo. Amati munthu wosunga nkhani pamtima zala zake zimauma. Motero timayamba ndi kuzungulira. Wina anena kuti mbuzi yake yaswa mapasa, wina kuti mwana wagonekedwa ku chipatala cha ku Mpanshya, wina kuti tomato wapsa ndi dzuwa, wina kuti wayamba kukwanitsa kusintha zala osayang'ana. Ndipo popeza tikukhala m'dera losungirako nyama, kumene anthu ndi zilombo timamwa mtsinje umodzi wa Lunsemfwa, nkhani za nyama sizisowa. Njovu zadutsa kudimba kwa auje. Mvuu yatsekereza njira ya kudooko. Fisi walowa m'khola. Aliyense akanena, amalume amaonjezapo phunziro, pakuti paunyamata wawo anali mlenje wa gogodela asanaipereke mfutiyo kuboma.

Chaka cha 2024 nkhani za pansi pa mango zinalemera. Mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pofika Seputembala nkhokwe zinali mbee. Timitsinje tinauma, nyama zonse zinatsikira kumadzi otsala, ndipo anthu amene sanatcherepo msampha moyo wawo wonse anayamba kusowa m'mudzi mbandakucha. Palibe amene ankanena poyera, koma fungo la nyama yofutsa silibisika.

M'nyengo yomweyo gulu lathu linaitanidwa kuti likaimbe kusukulu pa 24 Okutobala, tsiku limene Zambia imakwanitsa zaka 60 za ufulu. Kwa ife chinali chinthu chachikulu. Mu Julayi, pa mwambo wa Nkomba Lyanga wa Asoli a kuno, tinangokhala oonerera, ndipo tsopano tinali kudzakhala pakati pa bwalo. Kutangotsala pang'ono, banjo yanga inadula nsambo ziwiri zazing'ono. Ndinapita kwa wokonza njinga, koma anandiuza kuti zingwe zonse zakale anthu anatola kale. Ndinayesa ulusi wa mbedza, koma unkalira mofooka, osamveka pakati pa anzake. Ndalama yotuma munthu ku Chongwe panalibe; imene inalipo inali yokwana ufa wokha.

Mlamu wanga, mlongo wamng'ono wa mayi a kunyumba, ndiye anabwera ndi nzeru. Anandipeza madzulo ndikuyang'ana banjo yopanda mawuyo.

"Alamu, waya ulipo wambiri, ungodya dzimbiri kuthengo," anatero. "Pali anthu anatchera kukhwawa la kumunsi uko, ndiye anamva kuti alonda akuyendako, n'kuthawa osabwererako. Tikangomasula iwiri itatu, banjo yalira, nyamanso tazipulumutsa."

Mawu omalizawo ndiwo anandigwira mtima. Ndinaona ngati ndikupita kukachita chabwino. Mayi a kunyumba ndinawauza kuti tikupita kukadula mapaso. Amalume sindinawauze kanthu, chifukwa ndinkadziwa yankho lawo.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, pakuti mlamu anayamba wakamwetsa mbuzi. Pofika kukhwawa kuja kutentha kwa Okutobala kunali kutafika pachimake, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu, kashembe akutiluma kudzera m'malaya. Msampha woyamba tinaupeza pa kanjira ka nyama kolowera kumadzi. Anthuwo anatchinga mbali zonse ndi nthambi zaminga, n'kusiya kampata kamodzi, ndipo pakampatapo panalendewera khwekhwe womangidwa ku tsinde la kamtengo. Ukanakhala wosadziwa ukanadutsa osauona. Wachiwiri unali utagwira. Munali mbawala yaikazi imene inafa kalekale, itauma, khungu litamatirira ku nthiti, pansi ponse mozungulira itakumbakumba ndi ziboda poyesa kudzimasula. Khungwa la kamtengoko linali litasendeka ndi waya. Nyama imeneyo palibe anaidya. Inafera chabe, m'chaka chimene ana ankagona ndi mango owiritsa.

Ndinamasula mawaya, n'kuwakulunga bwinobwino, n'kuika m'thumba la buluku. Anali a mabuleki enieni, osachita dzimbiri kwambiri, ndipo mtima wanga unali kale kusukulu pa tsiku la ufulu. Patsogolo pang'ono tinapeza china chosiyana: chingwe chachitsulo chokhuthala ngati chala, chomangidwa ku mtengo waukulu, chitaduka, nsonga zake zitanyanyuka. Mlamu anachiyang'ana n'kukhala chete. Kenaka anati, "Alamu, tiyeni tizipita."

Zonse zimene amalume ankatiphunzitsa zinali pomwepo, zoonekeratu. Ankati ukalowa m'thengo uzitapa fumbi n'kuliwaza kuti udziwe kumene mphepo ikupita, chifukwa njati ndi njovu zimakumva ndi mphuno zisanakuone, ndipo tsiku limenelo mphepo inkachokera kumbuyo kwathu kulowa m'zitsamba. Ankati ndowe za njati zikakhala zonyezimira, ntchentche zili ng'waa, mwini wake ali pafupi, ndipo ndowe zotero ndinazilumpha ndi mwendo wanga. Ankati dzuwa likakhala paliwombo usalowe m'zitsamba zowirira za m'mbali mwa madzi, pakuti ndimo mogona akakuli, nkhunzi zokalamba zija zimene zinasiyana ndi gulu. Ankatinso timbalame todya nkhupakupa pamsana pa njati tikauluka mwadzidzidzi tikulira, usadikire kuona chimene tachokapo. Timbalameto tinaulukadi, pafupi kwambiri, kudzanja lamanja.

Chimene ndinayamba kumva ndi kuphwanyika kwa zitsamba ndi kufwenthera kwakukulu. Mlamu anakuwa kuti, "Mtengo, alamu, mtengo!" iye n'kutsetserekera kukhwawa. Mtengo umene unali pafupi nane unali msangu waung'ono, waminga. Ndinaukumbatira mmene unalili. Minga inalowa m'manja, m'mikono, m'ntchafu, koma sindinaimve nthawi imeneyo. Nditangokoka mwendo wachiwiri, mutu wa njati unagunda tsinde, mtengo wonse n'kugwedezeka, nkhwangwa yanga ndi botolo la madzi n'kugwera pansi.

Ndinaiona bwino njatiyo, chifukwa inali pansi panga penipeni. Inali nkhunzi yaikulu, nyanga zitakumana pamphumi n'kupanga chishango chokhakhala, makutu ong'ambikang'ambika, matope ouma ali pamsana. Mwendo wake wakutsogolo, pamwamba pa chiboda, unali utatupa kuposa unzake kawiri, ndipo chingwe chachitsulo chija chinali chitalowa m'mnofu mpaka kusaoneka, kachidutswa kake kakukwekwereka pansi. Chilonda chinali chakuda, chikuchucha mafinya, ndipo fungo lake linkafika kumtunda kumene ndinali. Ikaponda mwendowo thupi lonse linkanjenjemera. Inagundanso mtengo, inapondaponda botolo langa, kenaka inapita pamthunzi wa chitsamba chapafupi n'kugona, nkhope italoza kwa ine.

Njati yabwinobwino ikamva munthu kawirikawiri imathawa ndi gulu lake. Iyi sikanatha kuthawa, ndipo chilichonse choyenda ndi miyendo iwiri chinali mdani wake. Ndinakhala pamphanda ya nthambi dzuwa likundiwotcha, lilime litauma, magazi a m'manja akuitana ntchentche. Ndikasuntha pang'ono, iyo inkadzutsa mutu. Dzuwa litapendeka ndinavula malaya n'kudzimangirira nawo ku nthambi, kuopa kuti tulo kapena chizungulire zingandigwetse. Mdima utagwa sindinathenso kuiona. Ndinkangomva kupuma kwake, kenaka afisi kutsidya, kenaka mvuu kumtsinje. Nthawi ina pakati pa usiku kupumako kunaleka, koma kutsika sindikanayesa. Ndinapemphera, ndinatchula ana anga mmodzimmodzi, ndipo ndinalira poganiza kuti mayi awo akandifunafuna kumene kuli mapaso, kumene sindinapiteko.

Mlamu anafika kumudzi kutada, mapazi atang'ambika, ndipo anaulula zonse kwa mlongo wake. Mayi a kunyumba anathamangira kwa amfumu a mudzi wathu, amfumu n'kutuma mnyamata wa njinga kwa alonda a nyama. Usiku sakanalowa m'zitsamba muli njati yovulala. Anafika kutangocha, alonda a m'mudzi pamodzi ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti, akuyenda pang'onopang'ono, mphepo ikuwaomba kumaso. Njati inali itatsikira kumadzi. Ananditsitsa ngati katundu, pakuti miyendo inali itafa dzanzi, ndipo anandimwetsa madzi pang'onopang'ono. Pondikhazika pansi, mawaya aja anatuluka m'thumba n'kugwera pamapazi pa msilikaliyo.

Anawatola, n'kuwatambasula. Mfundo zake zinali zikadali zomangidwa.

"Bambo, izi n'zanu?"

"Bwana, ndinazimasula dzulo. Ndimafuna nsambo za banjo."

"Aliyense amene timam'peza ndi waya amakhala ndi nkhani yake," anatero mosakweza mawu. "Tiyeni, mukafotokozere kukampu."

Sindinganene kuti anandilakwira. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015, limene linathetsa bungwe loyang'anira nyama la ZAWA n'kupereka ntchitoyo ku dipatimenti ya boma yoona za mapaki ndi nyama, limalola anthu kukhala ndi kulima m'madera ngati lathu, koma kusaka kumafuna chilolezo, ndipo msampha wa waya ndi woletsedwa kwa aliyense. Munthu wopezeka m'thengo, pamzere wa misampha, mawaya ali m'thumba, amasiyana bwanji ndi mwini misamphayo? Alonda a m'mudziwo ndi ana a kuno komwe, olembedwa ndi bungwe la anthu a m'dera loyang'anira zachilengedwe, ndipo ena mwa iwo ankandidziwa. Komabe kundidziwa sikunali umboni.

Kukampu anandichotsa minga imene akanatha, n'kunditsuka mabala. Masana kunafika amfumu, mayi a kunyumba ndi amalume. Amalume anali atanyamula banjo yanga. Anaiika patebulo osanena kanthu, zikhomo ziwiri zili zopanda nsambo, ulusi wa mbedza uja ukulendewera. Amfumu anachitira umboni kuti chibwerere m'mudzi mwawo sanamvepo dzina langa pa nkhani ya nyama. Mlamu anafotokoza mbali yake, n'kuvomera kukawalozera misampha yonse imene ankaidziwa. Anatilembetsa mawu, natichenjeza, n'kutimasula.

Tisanatuluke, msilikali uja anandiuza chinthu chimene sindinachiganizepo. Anati munthu akamasula msampha mwakachetechete n'kupita nawo kwawo, mwini wake amangobwera ndi waya wina n'kutchera pomwepo, ndipo alonda sadziwa kuti njira imeneyo ili ndi misampha, kapena kuti pali nyama imene yadula chingwe n'kuthawa nacho. Tikanabwerera titangoona mbawala ija n'kukanena, akanapita okonzeka, ndipo amayi okatunga madzi akanachenjezedwa tsiku lomwelo. Ananenanso kuti waya susankha. Wotchera amafuna gwape, koma umagwira mkango, fisi, mimbulu, ngakhale chitamba cha mwana wa njovu. Ku chigwa cha Luangwa ndi ku paki ya Lower Zambezi madokotala a nyama amagoneka zilombo ndi mankhwala kuti azichotse mawaya, koma zambiri zimafa zisanapezeke.

Panjira yobwerera mayi a kunyumba sanandiyankhule. Titafika pakhomo anangoti, "Bambo a mwana, mukadafa, ine ndikanawauza chiyani anawa? Kuti atate anu anafera mapaso?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa minga. Amalume nawo anadikira mpaka titakhala awiri. "Mwana wanga," anatero, "tsoka silinunkha, koma lako linanunkha, ndipo unalimva. Nsambo ukanandipempha, ndikanamasula pa banjo yanga."

Njati ija inapezeka patapita masiku ochepa, itathamangitsa mayi wina amene ankachokera kudooko ndi mwana kumsana. Mayiyo anapulumuka pogwera m'chigwembe, koma anathyoka mkono, ndipo chaka chimenecho sanathe kugwira khasu mvula itabwera. Asilikali a nyama anaiwombera, chifukwa mwendo unali utawola mosachiritsika. Amene anatchera chingwe chija sanadziwike. Mwina ndi wa kuno, mwina ndi wochokera kutali wogulitsa nyama ku Lusaka. Ngati ndi wa kuno, ndiye kuti anakhala nafe pamaliro ndi kutchalitchi, anamuona mayiyo mkono uli m'chikhakha, ndipo akudziwa.

Njala ndikuidziwa, ndipo chaka chimenecho inalowanso m'nyumba mwanga. Ndikudziwa kuwawa kwa munthu amene njovu zam'dyera munda usiku umodzi, kenaka n'kuuzidwa kuti nyama ndi chuma cha dziko. Koma ndinaona ndi maso anga chimene waya umachita ukasiyidwa m'thengo. Sugona, sudziwa kuti mwini wake anachita mantha n'kuleka kubwera. Umapha nyama imene palibe adzaidye, ndipo imene yalephera kuipha umaisandutsa chilombo cholusa n'kuitumiza kunjira ya kumadzi, kumene kumayenda amayi ndi ana. Wotchera amakhala ali kunyumba, wolipira ndi wina.

Pa 24 Okutobala gulu lathu linaimba kusukulu. Ine ndinakhala pa benchi ndi manja okulungidwa nsalu, ndipo banjo yanga, imene amalume anaiika nsambo zochotsa pa yawo, inaimbidwa ndi mtsikana wa giredi 7 amene anali asanakhalepo ndi yakeyake. Anaimba bwino kwambiri, ndipo tsopano ndi mmodzi wa otsogolera gulu.

Lamulungu lotsatira tinapangana zinthu zitatu, ndipo tikuzisunga mpaka lero. Aliyense amaponya kandalama m'chitini, ndipo wopita ku Chongwe kapena ku Luangwa Bridge amatigulira zingwe za mabuleki zatsopano. Wokonza njinga tinagwirizana naye kuti zingwe zakale azipereka kwa amalume okha, osati kwa aliyense wobwera madzulo. Ndipo wina akaona msampha, kapena mapazi a nyama yotsimphina, sakhudza kanthu: amapita kwa amfumu ndi kwa alonda tsiku lomwelo, n'kuuza amayi a kudooko asanalowe m'nyumba mwake. Ku Mfuwe kuli amayi amene amapanga mikanda ndi zibangili ndi mawaya a misampha amene alonda atola, ndipo ku chigwa cha Luangwa bungwe la COMACO lakhala likulandira misampha ndi mfuti kwa alenje amene asankha ulimi. Ifenso tapempha bungwe la m'dera lathu kuti mawaya olandidwa, akamaliza nawo milandu, ena azitipatsa poyera, olembedwa m'buku, kuti ana a sukulu apangire mabanjo. Yankho tikuliyembekezera, ndipo amfumu alonjeza kukaikumbutsa nkhaniyi pa msonkhano ukubwerawu.

Kwa inu amene muli ndi mawaya m'thengo la Lunsemfwa pamene mukuwerenga izi, pempho langa ndi ili: pitani kwa amfumu a mudzi wanu, muwauze pamene ali, alonda akawachotse mvula isanagwe ndi udzu usanawabise. Ngati mukuopa kupita nokha, bwerani mudzanditenge, tidzapita limodzi.